Tisawabisire Anthu: Katemera wa Korona ndi Matenda a Thupi Lodziukira Lokha

M'nyengo yachisanu yapitayi mayi ena olima mbatatesi ku mapiri a Bembeke anandionetsa manja awo. Zala zinali zotupa m'mfundo, ndipo anati m'mawa uliwonse zimauma kotero kuti satha kugwira khasu mpaka dzuwa litakwera. "Bambo, izi zinandiyamba nditabayitsa katemera wa korona mu Meyi 2021," anatero mayiwo. Pamene anakanena mau omwewa pa chipatala china, amene anawalandira anawakalipira pamaso pa anthu kuti akufalitsa mabodza. Chiyambire tsiku limenelo sanapondekonso, ndipo analetsa mwana wawo wamkazi kupita ndi khanda ku sikelo.

Ine ndinabayitsa katemera ameneyu, ndipo mliri utabweranso ndingathe kukhala woyamba pa mzere. Komabe ndikunena mosabisa kuti amene analakwitsa kwambiri tsiku lija ndi wachipatala uja. Mau akuti "katemera alibe vuto lina lililonse" si oona, ndipo anthu athu akangozindikira kuti tinawabisira kanthu kamodzi, amataya ndi zoona zomwe zimene tinawauza.

Tiyeni tiyambe tamvetsa matendawa. M'thupi mwa munthu muli asilikali amene ntchito yawo ndi kumenyana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Tingawayerekeze ndi galu wolonda pakhomo. Katemera ali ngati kumununkhiza galuyo chovala cha wakuba, kuti tsiku limene wakubayo adzafike, galu adzamudziwe msanga. Koma zimachitika, kawirikawiri popanda katemera aliyense, kuti galu amasokonezeka nayamba kuluma ana a mwini nyumba. Asilikali akaukira mfundo za mafupa, munthu amadwala mtundu wina wa nyamakazi. Akaukira kapamba, mwana amadwala shuga wofuna jekeseni tsiku ndi tsiku. Akaukira mitsempha yonyamula mauthenga ochokera ku ubongo, miyendo imafooka. Matenda otere analipo makolo athu asanamve n'komwe dzina la korona.

Tsono kodi katemera wa korona anayambitsapo matenda a mtundu umenewu? Inde, anatero mwa anthu owerengeka, ndipo amene anatulukira zimenezi ndi madokotala omwe.

M'mwezi wa Malichi 2021, mwezi womwewo umene katemera 360,000 wa AstraZeneca anafika ku Lilongwe ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anabayitsa ku Zomba, madokotala a ku Ulaya anaona odwala ochepa amene magazi awo ankaundana m'mitsempha ya m'mutu kapena ya m'mimba patapita masiku 5 mpaka 30 chibayitsire. Dokotala Andreas Greinacher wa ku Greifswald m'dziko la Germany ndi anzake anapeza kuti asilikali a m'thupi ndiwo ankasokoneza tizidutswa ta m'magazi timene timathandiza bala kuleka kukha. Ku Britain vutoli linagwera munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 50,000 a zaka zosafika 50, ndipo ena mwa odwalawo anamwalira. Boma la kumeneko silinabise: mu Meyi 2021 linati anthu a zaka zosafika 40 azipatsidwa katemera wa mtundu wina.

Nthenda yachiwiri ndi imene imatchedwa Guillain-Barré, potsata maina a madokotala a ku France amene anaifotokoza mu 1916. Imayamba ndi dzanzi m'mapazi, kenaka kufooka kumakwera m'miyendo, m'manja, nthawi zina mpaka m'chifuwa munthu n'kulephera kupuma. Nthawi zambiri imabwera pambuyo pa kutsegula m'mimba kapena chimfine. Mu Julayi 2021 bungwe loona za mankhwala ku America linachenjeza kuti lalandira malipoti pafupifupi 100 a nthendayi mwa anthu oposa 12 miliyoni amene anabayitsa katemera wa Johnson & Johnson, yemwenso tinamugwiritsa ntchito kuno. Ku South Africa, kumene kuli ana athu ambiri amene anadutsa pa chipata cha Dedza kukafuna ntchito, bungwe la SAHPRA linalengeza mu Ogasiti 2022 kuti munthu mmodzi anamwalira ndi nthendayi chifukwa cha katemera ameneyu. Pa nthawiyo n'kuti atabaya katemerayo koposa ka 9 miliyoni. Katemera wa Pfizer nayenso anapezeka kuti amatupitsa minofu ya mtima mwa anyamata ochepa, ngakhale kuti ambiri a iwo anachira msanga.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nzeru ili pa kuyeza kuchuluka kwa matopewo poyerekeza ndi njala imene ikadabwera mvula ikadapanda kugwa. Akatswiri a ku Oxford anaunika mabuku a chipatala a anthu 32 miliyoni a ku England nafalitsa zotsatira zake mu 2021. Anapeza kuti pa anthu 10 miliyoni obayitsa AstraZeneca panaonjezeka odwala Guillain-Barré 38, pamene pa anthu 10 miliyoni odwala korona yeniyeniyo panaonjezeka 145. Ndiye kuti kachilombo kamene tinkakapewa kamamusokoneza galu uja koposa katemera, kusawerengera amene kanawapha mwa kuwabanikitsa. Ife a Malawi sitinaiwale tsiku la 12 Januwale 2021, pamene nduna ziwiri za boma, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira ndi korona tsiku limodzi.

Pali chinanso chimene chiyenera kukhazika pansi mitima ya ambiri. Matenda awiri oyamba aja amaonekera m'masabata ochepa chibayitsire: kuundana kwa magazi m'kati mwa mwezi umodzi, kufooka kwa miyendo m'kati mwa masabata asanu ndi limodzi. Munthu amene anabayitsa mu 2021 napyola nthawi imeneyi bwinobwino sanasenze msampha woti udzafwamphuka m'tsogolo. Aja ankalalika m'misika kuti obayitsa onse adzafa pakatha zaka ziwiri akugulitsana nawo kabichi mpaka lero. Kampani ya AstraZeneca inaleka kugulitsa katemera wake mu 2024.

Nanga nyamakazi ya mayi a ku Bembeke? Apa mpofunika kudekha. Chinthu chikatsatira chinzake sindiye kuti chabadwa mwa chinzakecho. Tambala amalira dzuwa n'kutuluka, koma si tambala amene amatulutsa dzuwa. Mukabaya anthu zikwi zambiri m'miyezi yochepa, mwa iwo mudzapezeka ndithu ena amene nyamakazi kapena shuga ikadawayamba m'miyezi yomweyo ngakhale akadapanda kubayitsa. Mayiwa anabayitsa mu Meyi, ndipo Juni wa kuno ku Dedza tonse timamudziwa mmene amautsira ululu wa m'mfundo. Njira yokhayo yosiyanitsira mwangozi ndi chifukwa chenicheni ndiyo kuwerenga: odwala angati mwa obayitsa, odwala angati mwa osabayitsa. Ndipo chiwerengero chimachokera m'mabuku. A ku Germany ndi a ku South Africa anadziwa zimene anadziwazo chifukwa wina analemba dandaulo la wodwala m'malo momuthamangitsa. Kuno kwathu bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limalandira malipoti a zovuta zobwera pambuyo pa mankhwala ndi katemera. Wachipatala amene amakalipira wodwala wotere amang'amba tsamba la m'buku limenelo lisanalembedwe.

Mtengo wa kusakhulupirirana tinauona ndi maso. Pa 19 Meyi 2021 katemera 19,610 anatenthedwa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe atatha mphamvu. Anafika atatsala ndi masiku ochepa, zimenezo n'zoona, komanso anthu ankazengereza chifukwa cha mphekesera za kusabereka ndi za chizindikiro cha chilombo. Chimene chimandiopsa ine koposa ndi chakuti mantha a katemera wa korona salekera pa korona. Amafika ku sikelo, kumene kuli katemera wa chikuku, wa kafumbata ndi wa chifuwa chokoka mtima. Mu Febuluwale 2022 poliyo anapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe, boma loyandikana nalo, patapita zaka makumi atatu nthendayi isanaoneke m'dziko muno. Khanda la ku Bembeke lija likulipira mlandu wa mau amene analankhulidwa kwa agogo ake.

Motero ndikupempha anzanga a zaumoyo, kuyambira ku chipatala chachikulu cha Dedza mpaka kwa alangizi a ku Lobi, Mayani ndi Linthipe, kuti munthu akabwera ndi dandaulo lotere timukhazike pansi. Timufunse tsiku limene anabayitsa, mtundu wa katemera, ndi tsiku limene zizindikiro zinayamba. Tilembe m'kabuku kake ka kuchipatala, titumize lipoti, kenaka timuyeze monga wodwala wina aliyense. Tikafunsidwa pa msonkhano wa kwa amfumu ngati katemera amavulaza, tiyankhe kuti inde, mwa apo ndi apo, titchule ndi mawerengero ake.

Kwa inu owerenga, munthu akayamba dzanzi m'mapazi ndipo kufooka kukukwera tsiku ndi tsiku, kaya anabayitsa kanthu kaya ayi, musataye masiku ndi kutema mphini; thamangani naye ku chipatala kupuma kusanavute, pakuti ambiri osamalidwa msanga amachira. Akakhala mwana wosafika zaka 15 wofa ziwalo mwadzidzidzi, mudziwitsenso mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo, kuti ayezedwe poliyo.

Mayi aja ndinawauza kuti zala zouma m'mawa kwa ola lathunthu zimafuna kuonedwa ndi dokotala, chifukwa nyamakazi ya mtundu umenewu ili ndi mankhwala, ndipo ikalekereredwa imapinda zala mpaka kalekale. Anavomera kupita ku boma akakolola. Za khanda lija anati akaona kaye mmene akawalandirire.