KEYALA ZA INTANETI ZATHA: TIKONZEKERE KUSAMUKA

Aliyense amene anaphunzitsako pa sukulu ya kumudzi adziwa bwino kuti bokosi limodzi la ku positi limatumikira mudzi wonse. Kalata yochokera ku Johannesburg kapena ku Bulawayo inkafika pa keyala ya sukulu kapena ya mishoni, monga ku Guilleme kapena ku Ludzi, ndipo mphunzitsi wamkulu ndiye ankaitana dzina la mwini wake. Njira imeneyi inathandiza ambiri, komatu inali ndi zovuta zake. Mphunzitsi akachokapo makalata ankagona m'kabati, ndipo lendi ya bokosi ikapanda kulipidwa mudzi wonse unkasowa makalata. Lero tifuna kuuza owerenga athu kuti umu ndi momwe ambiri a ife tilowera pa intaneti, ndi kuti nthawi yosintha yafika.

Makina alionse olankhula pa intaneti ayenera kukhala ndi keyala yake, imene ili nambala. Dongosolo lakale lopereka manambalawa, lotchedwa IPv4, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1981, ndipo lili ndi keyala 4,294,967,296 zokha. Masiku amenewo chiwerengerochi chinaoneka chosatha, pakuti makompyuta anali m'masukulu a ukachenjede ndi m'maofesi owerengeka. Koma m'chaka cha 2022 anthu pa dziko lapansi anakwana 8 biliyoni, ndipo ambiri ali ndi foni m'thumba. Pa 3 February 2011 bungwe la IANA, losunga nkhokwe yaikulu ya keyalazi, linagawa zotsiriza kwa mabungwe asanu a m'zigawo. Nkhokwe ya ku North America inatha mu 2015, ya ku Ulaya mu 2019.

Ife a mu Africa tilandira keyala zathu kwa bungwe la AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius. Bungweli linayamba kugawa mopimira mu 2017, ndipo kuyambira mu January 2020 kampani yopempha siilandira keyala zoposa 1,024 pa nthawi imodzi. Wofuna zambiri kunja kuno amazigula kwa amene ali nazo kale, keyala imodzi pa madola makumi angapo. Dziko limene ndalama zakunja zili zosowa monga lathuli siliyenera kuyembekezera msika wotere.

Tsono makampani a mafoni achita chimene anachita makolo athu ndi bokosi la ku positi. Anthu mazanamazana amatulukira pa keyala imodzi, ndipo makina a kampani ndiwo amakumbukira kuti yankho ili ndi la uje, ili ndi la uje. Zinthu zimayenda ndithu, koma mtengo wake ulipo. Mmodzi akachita zachinyengo, keyala yonse itha kutsekedwa, osalakwa nkuvutikira pamodzi naye. Apolisi ofufuza wakuba amapeza keyala imodzi yokhala ndi eni ambirimbiri. Ofesi yofuna kuti anthu akunja afike pa makina ake mwachindunji imavutika, ndiponso makina ogawirawo amagulidwa ndi ndalama zambiri, zimene potsiriza amalipira ndi wogula bandulo.

Mankhwala ake alipo kale. Dongosolo latsopano lotchedwa IPv6 linalembedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo pa 6 June 2012 makampani aakulu a pa dziko lapansi analitsegula kuti ligwire ntchito masiku onse. Keyala zake ndi zochuluka kotero kuti polemba chiwerengero chake tiyamba ndi 340 nkutsatiza maziro 36. India ndi France anasamutsa kale anthu awo ambiri, pamene maiko ambiri a mu Africa akali m'mbuyo. Vuto lake ndi lakuti madongosolo awiriwa samvana okha. Chifukwa chake makina ayenera kudziwa onse awiri kwa zaka zingapo, mpaka lakale litasiyidwa.

Wina angafunse kuti nkhaniyi ikhudza bwanji Mchinji, boma la alimi a mtedza, soya ndi fodya. Yankho lili pa chipata cha malire. Mu December 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, kuti galimoto ya katundu iziima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Ntchito yotere idalira makompyuta a a msonkho ndi a oona za olowa ndi otuluka a maiko awiri, olumikizana ndi malikulu awo. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, kotero intaneti yathu imadzera m'mawaya odutsa m'maiko a anzathu, ndipo njira imodzi ya mawayawo ndi ya ku Zambia kudzera ku Mchinji komweko. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'bomali. Ana a ku Mkanda, ku Kamwendo ndi ku Kapiri amene ali m'sukulu lero adzafuna keyala mawa, ndipo nkhokwe yakale ilibe gawo lawo.

Sitili kunena kuti intaneti izima mawa m'mawa, iai. Chimene tinena ndi chakuti wochedwa adzalipira kawiri. Dziko lino linasinthapo kale manambala a mafoni powawonjezera kutalika pamene akale anachepa. Anthu anadandaula masabata owerengeka, kenaka anazolowera, ndipo lero palibe amene alakalaka manambala akalewo.

Chotero tipempha zinthu zitatu. Choyamba, inu ogwira ntchito m'Boma amene mulemba mapepala ogulira katundu, musavomereze makina kapena mgwirizano wa intaneti umene sunena poyera kuti IPv6 ilimo. Makina ogulidwa lero adzakhala mu ofesi zaka zambiri, ndipo kufunsa funso limeneli sikudya ndalama. Chachiwiri, bungwe la MACRA, limene lipereka ziphaso kwa makampani a mauthenga, liwafunse makampaniwo kuti anene chaka chimene adzafikitse dongosolo latsopanoli kwa anthu awo, a m'tauni ndi a kumalire omwe. Chachitatu, inu aphunzitsi a maphunziro a kompyuta m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, phunzitsani ana madongosolo onse awiri, kuti tisadzaitane akatswiri akunja pa ntchito imene ana athu akadaidziwa.

Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Ofesi imodzi chaka chino, sukulu imodzi chaka chamawa, ndipo ntchito idzatha popanda chipwirikiti. Chipata cha Mchinji, pokhala khomo limene alendo ndi amalonda aonera dziko lathu, ndi malo oyenera kuyambirapo.