Mawu Obwereka Tisameze Tisanatafune

Loweruka lapitali ndidapita kumsika wa pa Ngabu, ndipo podutsa pamalo ogulitsira kaunjika ndidakumana ndi mtsikana wina amene ndidamuphunzitsa Chingerezi kufikira Fomu 4. Adandilonjera mwaulemu monga mwana woleredwa bwino, koma pamalaya ake padali liwu lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu lakuti "bitch". Nditamufunsa tanthauzo lake, iye adati amalimva m'nyimbo za pafoni ndipo ankayesa kuti ndi dzina lotamanda mtsikana wochangamuka. Ndidamuuza kuti liwulo limatanthauza galu wamkazi, ndipo likanenedwa kwa munthu wamayi ndi chitukwano chachikulu. Mwanayo adagwira pakamwa. Koma amene adabwerera kwawo ndi manyazi enieni ndine, pakuti m'zaka zinayi zonse ndidamuphunzitsa malamulo a chinenero osamuuza ngakhale tsiku limodzi kuti mawu enanso ali ndi minga.

Kuyambira mu 1968 Chingerezi ndi Chichewa ndizo zinenero za boma m'dziko muno, ndipo mwana amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Nchifukwa chake timalimbikira Chingerezi cha m'mabuku. Komatu chilipo Chingerezi china cha m'misewu, m'mafilimu ndi m'nyimbo, chimene ana athu akumeza popanda wowaunikira. Ine ndimachigawa patatu.

Gulu loyamba ndi la mawu ocheza amene alibe choipa. "Guy" ndi mnyamata kapena mnzako, ngakhale liwuli lidachokera ku dzina la Guy Fawkes, munthu amene adafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ya ku London mu 1605. "Kid" ndi mwana, koma poyambirira lidali mwana wa mbuzi, monga timbuzi timene tadzaza m'makola a kuno kuchigwa. "Broke" ndi munthu amene m'thumba mwake mwauma. "OK" lidaonekera koyamba m'nyuzipepala ya ku Boston mu 1839 ngati nthabwala chabe. Mawu otere ali ngati zovala zakumunda: nzabwino pamalo pake, koma suvala popita kukafunsira ntchito. Wolemba kalata yopempha ntchito naikamo "guys" wadzitsekera yekha khomo.

Gulu lachiwiri ndi la zitukwano. Izi sizidabwere ndi mafoni ayi. Agogo anga, amene adagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, akapsa mtima ankakuwa kuti "bladifulu", ndipo ife ana tinkayesa kuti akunena fulu, kanyama koyenda pang'onopang'ono kaja. Chikhalirecho iwo ankabwereza "bloody fool", mawu amene akapitawo ankawazazira nawo, otanthauza chitsiru chotheratu. Liwu la "bloody" lidadzidzimutsa mzinda wa London mu 1914 pamene lidamveka m'sewero la George Bernard Shaw lotchedwa Pygmalion, koma lero Angerezi saliopanso kwenikweni. Paja tsobola wakale sawawa. Ena ndiwo akadali owawa. "Bastard" ndi mwana wapathengo, ndipo wonena liwuli watukwana mnzake pamodzi ndi mayi ake. "Shit" ndi zonyansa za m'mimba. Nanga liwu lija loyamba ndi chilembo cha f, limene anyamata akulitchula ngati mchere wa m'ndiwo? Limanena za kugonana mwachipongwe, ndipo eni chinenerocho adalikana m'dikishonale yawo yaikulu ya Oxford kufikira mu 1972.

Gulu lachitatu ndilo loopsa koposa: mawu onyoza mtundu wa anthu. Liwu loyamba ndi n, limene likumveka m'nyimbo zambiri za ku America, ndilo limene eni akapolo ankatchulira anthu akuda. Oyimba akuda ena a kumeneko amaitanizana nalo monga momwe asuweni amanyozerana kwathu kuno popanda mlandu, koma mlendo akalowerera chisuweni cha eni ake amautsa mkwiyo. Ku South Africa, kumene achinyamata athu ambiri akupita kukafuna ganyu, kuli liwu lina loyamba ndi k. Mu 2018 khoti la ku Randburg lidagamula kuti mayi wina wachizungu akakhale kundende chifukwa chotukwana apolisi akuda ndi liwu limeneli. Taonani, liwu limodzi likhoza kumangitsa munthu.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi anzanga ena adzati kufotokoza mawu otere m'kalasi nkuphunzitsa ana kutukwana. Ndikuwamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Kodi mayi wotenga mwana wake kukazula bowa amamubisira bowa wakupha? Iyayi, amayamba kumuonetsa womwewo. Anawa mawuwo akuwamva kale usiku ndi usana. Chimene akusowa ndi munthu wamkulu wowauza kulemera kwake. Kukwapula kapena kupatsa chibalo mwana amene wanena liwu losalidziwa kumangomuphunzitsa kulinena mobisa.

Tsono pempho langa kwa aphunzitsi nlakuti tiziwaonetsa ana zizindikiro zimene madikishonale abwino amaika pambali pa liwu, monga "informal", "slang", "offensive" ndi "taboo", zimene zimasonyeza ngati liwulo ndi lochezera, la mumsewu, lonyoza kapena losatchulika pagulu. Mphindi khumi pasabata nzokwanira. Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, musanatchule liwu lachilendo dzifunseni mafunso atatu: kodi likutanthauzanji, amalinena ndani, nanga ndingalimasulire m'Chichewa, m'Chimang'anja kapena m'Chisena pamaso pa apongozi anga? Ngati lilime likulemera kulinena m'chinenero cha kwanu, Chingerezi sichilitsuka konse. Safunsa adadya phula.

Mtsikana uja adabwera kunyumba kwanga Lolemba ndi kapepala kolembapo mawu ena asanu ndi awiri amene ankafuna kudziwa. Anayi adali abwinobwino. Atatu tidagwirizana kuti asadzawatchulenso. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Sabata yamawa, tikakhala ndi moyo, tidzaona mawu a Chingerezi amene tidawabwereka nkuwapatsa matanthauzo athuathu.