Lenzi Imodzi Ikwanira Woyenda pa Kabaza

Amalume anga amajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Ntaja. Tchuthi chapitachi ndinawapempha kuti andibwereke kamera yawo, ndikaone nyama ku Liwonde. Anapisa m'chikwama natulutsa lenzi imodzi yokha, yolembedwa 18-200mm. "Tenga iyi, mphwanga," anatero. "Zinazo n'za anthu oyenda pa galimoto zawo." Ndinanyinyirika chamumtima poganiza kuti akundimana. Lero ndili kumbali yawo, ndipo mu nkhani ino ndikufuna kunena chifukwa chake.

Manambala aja akunena kutalika kwa maso a lenziyo. Ukaipotokola n'kufika pa 18, chithunzi chimatambasuka: mtsinje wa Shire, migwalangwa ya m'mbali mwake ndi phiri la Chinguni, zonse zimalowa. Ukaipititsa pa 200, dziko lonselo limachoka, patsala mutu wa mvuu yokha ngati ili pakhomo pako. Anzanga ena amati foni nayo imachita zomwezo. Mafoni ambiri amene ife ophunzira tili nawo sakoka chinthu ayi. Amangodula kachigawo ka chithunzi n'kukafufumitsa, n'chifukwa chake njovu imatuluka ngati chulu.

Ubwino woyamba ndi wa fumbi. Amene anayendapo m'misewu ya kwa Kawinga mwezi wa Okutobala akudziwa kuti fumbi lake limalowa ndi m'mano momwe. Nthawi iliyonse ukachotsa lenzi kuti uike ina, mimba ya kamera imakhala pamtunda, fumbi n'kukakhala pa sensa. Zikatero chithunzi chilichonse chimatuluka ndi timadontho takuda kumwamba, ndipo woyeretsa sensa sapezeka pamsika uliwonse. Ine ulendo wonse sindinatsegule kamera ngakhale kamodzi.

Kachiwiri, nyama sidikira. Tili m'boti, ndinali kujambula mitengo ya tsidya la Balaka pamene nkhwazi inatsika kudzavuula nsomba. Ndinangopotokola dzanja, basi. Mzungu amene anakhala patsogolo panga anali akali kusanthula m'chikwama. Komanso lenzi ya mtunduwu imangopitirira pang'ono theka la kilo, choncho ndinaikoleka m'khosi pa minibasi ndi pa kabaza popanda kulipira mpando wachiwiri.

Akatswiri amainyoza lenzi yotere, ndipo kunena zoona sakunama pa zonse. Ikafika pa 200, kabowo kolowetsa kuwala kamachepa mpaka f/5.6, kotero dzuwa likapendeka kamera imachedwa kuphethira. Zithunzi zanga za mvuu zikutuluka m'madzi chakumadzulo zinangoti mbuu, ndinafufuta zonse. Timbalame tating'ono natonso timafuna lenzi ya 400 kapena 600. Koma ya 600 yowala bwino imalemera makilo atatu kapena kuposa, imafuna miyendo yoimikapo, ndipo mtengo wake ndi wa galimoto. Tikanena kuti wojambula zachilengedwe weniweni ndi yekhayo wokhala ndi zida zimenezo, ndiye kuti tatulutsa pafupifupi Mmalawi aliyense m'bwalo, gule asanayambe.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Akakwiyo anabwezeretsedwamo mu 2017, mikango mu 2018, ndipo mu 2019 munabwera zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina 263 ku Kasungu mu 2022. Zonsezi zachitikira pakhomo pathu. Koma zithunzi zake zimene ine ndaziona m'magazini ndi pa intaneti, zambiri pansi pake pali maina a alendo. Sindikuwada alendowo, amajambula bwino ndipo amasiya ndalama. Vuto n'lakuti diso lawo limathera pa waya wa nkhalango. Mlendo safika kunyanja ya Chiuta kukaona akakowa m'bandakucha, sakwera phiri la Chikala, ndipo sadziwa munda wa chimanga umene uli kunja kwa wayayo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995 ndiponso inauma kwambiri mu 2018. Agogo anga amasimba za mabwato atakhala pamatope ong'aluka, koma m'banja mwathu mulibe chithunzi ngakhale chimodzi choti ndidzaonetse ana anga. Chithunzi chosathwa kwenikweni chojambulidwa ndi mwana wa kwa Kawinga chikanandikwanira.

Komabe lenzi iyi ili ndi kachiyeso kake, ndipo ine ndinagwamo. Pobwerera ndinaona mayi wina akuchapa pamtsinje, mwana ali kumbuyo, kuwala kukugwa bwino. Ndinaima patali, n'kupotokola mpaka 200, n'kutola. Mayiyo sanadziwe kanthu. Monga wophunzira chiyankhulo, mawu akuti "kutola chithunzi" akhala akundivutitsa chiyambire tsikulo. Timatola chinthu chogwa, chopanda mwini, monga masuku patchire. Ndipo "chithunzi" ndi mbale wake wa "mthunzi" ndi "chithunzithunzi", chinthu chimene sichisiyana ndi mwini wake. Kutalika kumene kumateteza wojambula kwa njovu n'komwenso kumamulola kuzemba moni ndi "odi".

Nditabweza kamera, amalume anayamba kuona zithunzi chimodzichimodzi. Cha nkhwazi anachiyang'ana nthawi yaitali, nati adzachitsukitsa kuti achipachike m'nyumba. Atafika pa mayi uja anaima.

"Awa ndani?"

"Sindikuwadziwa, amalume."

"Unawapempha?"

Ndinangoti chete.

"Munthu si nswala, iwe. Ukafuna nkhope ya munthu, bwezera pa 18, uyende ndi miyendo yako, ukapereke moni." Anandipatsa kamera kuti ndifufute ndekha, ndipo ndinafufuta. Kenako anandifunsa ngati ndili ndi mpata Loweruka, chifukwa kunali ukwati ku Nsanama ndipo ankafuna wowanyamulira chikwama.