ZA UMOYO M'BANJA: M'mimba Mopweteka Miyezi ndi Miyezi

Ku Dwambazi ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja alipo anthu amene m'mimba mumaŵapweteka kosalekeza. Nthenda ikakhala yosadziŵika, ena amathamangira kunena kuti "anamdyetsa," ndipo abale amadana popanda chifukwa.

Madokotala amadziŵa nthenda yotchedwa IBS, imene imasautsa matumbo ngakhale mulibe chilonda. M'chaka cha 2016 akatswiri anakhazikitsa muyeso wotchedwa Rome IV. Muyesowo unati ululu uzibwera tsiku limodzi kapena kuposerapo pa sabata m'miyezi 3 yapitayo, vutolo litayamba miyezi 6 kapena kupitirira m'mbuyomo. Pakhalenso ziŵiri mwa zitatu izi: ululu woyenderana ndi kudzithandiza, kupita kuchimbudzi kaŵirikaŵiri kapena patalipatali kusiyana ndi kale, ndi chimbudzi kusintha maonekedwe.

Komabe ife akunyanja tisafulumire kudzipatsa tokha nthendayi. Likodzo la m'matumbo, njoka za m'mimba ndi kamwazi nazonso zimapweteketsa m'mimba. Choncho yambani mwakayezetsa chimbudzi kuchipatala. Likodzo limachizika ndi mankhwala a praziquantel.

Mukaona magazi m'chimbudzi, kuwonda, kutentha thupi, kuchepa magazi, kutsekula m'mimba kokudzutsani usiku, kapena vutoli likayamba mutapitirira zaka 50, musazengereze. Zimenezi si zizindikiro za IBS.

IBS siisanduka khansa, koma nkhaŵa imaikulitsa. Wodwalayo musamutche waulesi kapena wonamizira. Mperekezeni kuchipatala, ndipo pakhomo pakhale mtendere.