Mwana Akasankha Kuphunzira za Ndale

Mwezi wathawu ndinalandira alamu anga a ku Katete, munthu wolima nshawa ndi thonje, amene sabwera ku Lusaka popanda cifukwa. Atamwa madzi ndi kufotokoza za kumudzi, anaturutsa kalata m'thumba la jekete. Mwana wao wamkazi, woyamba m'banja lonse kutsiriza Giredi 12, wapatsidwa malo pa Yunivesiti ya Zambia, koma maphunziro amene iye wasankha ndi a ndale ndi kayendetsedwe ka boma. "Alamu," anatero, "kodi ndigulitse ng'ombe ziwiri kuti mwana akaphunzire kunama? Akadasankha unamwino ndikadamvetsa."

Sindinawaseke ai. Liu lakuti "ndale" pa Cinyanja cathu linabwera ndi mbiri yoipa. Tisanayambe kulichula pa nkhani za boma, ndale inali ija tinali kucherana kudambo poweta ng'ombe, kupinga mwendo wa mnzako kuti agwe cagada. Tsono kholo likamva kuti mwana afuna kuphunzira za ndale, m'maso mwake mumabwera anyamata a zipani aja okwera pamwamba pa malole, oimba nyimbo zotukwana ndi kuopseza amai pamsika. Ndani angagulitsire ng'ombe zotere?

Koma wophunzira za matenda sapita kusukulu kuti akadwale. Pa zaka zinai zimene mwanayo adzakhala pa Great East Road, adzayamba ndi mafunso amene anabvuta Plato ndi Aristotle ku Greece kalekale: woyenera kulamulira anzake ndani, ndipo akalakwa adzamdzudzula ndani? Adzawerenga Montesquieu wa ku France, amene mu 1748 analemba kuti mphamvu yopanga malamulo, yoweruza milandu ndi yoyendetsa dziko zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Pamenepa alamu anagwedeza mutu nati nzeru imeneyi si yacilendo, pakuti ngakhale kwathu mfumu yoweruza mlandu yokha pabwalo, popanda nduna zake, anthu amaithawa. Adzaphunziranso m'mene bajeti ya dziko imakonzedwera, nchito za makhonsolo, ndi m'mene Zambia imakhalira ndi maiko anzake mu SADC ndi mu African Union.

Cimene ndinafuna kuti alamu amvetse makamaka ndi ici: mzere umodzi wolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko ungathe kutembenuza moyo wa anthu mamiliyoni, iwo osadziwa. Ife acikulire tinaziona ndi maso. Mu 1972 a Kaunda anasankha bungwe lotsogozedwa ndi a Mainza Chona, ndipo nchito yake sinali kufunsa anthu ngati afuna cipani cimodzi, koma kungofunsa m'mene cipani cimodzico cidzayendera. Mu Disembala caka comweco zipani zina zonse zinatsekedwa, natsala UNIP yokha. Ndime imodzi cabe, yacinai, ndiyo inali loko wa citseko cimeneco. Itafafanizidwa mu Disembala 1990, sipanapite caka cathunthu: pa 31 Okutobala 1991 a Frederick Chiluba anapambana, ndipo MMD inatenga mipando 125 mwa mipando 150 ya m'Nyumba ya Malamulo.

Mu 1996 munalowa mzere wina wonena kuti wofuna upulezidenti, makolo ake onse awiri akhale mbadwa za Zambia. Mau ocepa, ooneka ngati abwino. Koma makolo a a Kaunda anacokera ku Nyasaland, motero munthu amene analamulira dziko lino zaka 27 anapezeka wosayenera kuima, ndipo UNIP inakana kulowa masankho a caka cimeneco. Mu 2001 anthu 11 anapikisana, ndipo a Levy Mwanawasa analowa ku State House ndi mavoti osafika 30 pa 100 alionse, cifukwa lamulo linali lakuti woposa anzake ndiye wapambana, kaya ndi pang'ono motani. Mu 2016 ndi pamene analemba kuti wopambana apitirire theka la mavoti onse, ndiponso kuti pulezidenti akamwalira, wotsatira wake amene anasankhidwa naye pamodzi atsirize zaka zotsala. Tikadakhala ndi mzere umenewu kale, sitikadafola kawiri pa masankho apadera, mu 2008 ndi mu Januwale 2015, misozi ya maliro isanaume.

Kodi mwa ife amene tinabvina ndi kululuta pa masiku onsewo, ndi angati anawerengako mizere imeneyi isanakhale lamulo? Ine ndibvomera kuti ya 1996 ndinaidziwa itadutsa kale.

Ndipo si za ku State House zokha. Mu 2022 ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zija timati CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni dera lililonse. Ndalama zotere zikafika ku Katete, pafunika wina wodziwa njira imene zimayenda kucokera ku komiti ya m'wadi kufikira ku khonsolo, wodziwa kufunsa cifukwa cake mjigo walembedwa papepala koma pamudzi palibe.

Za nchito sindinawanamize. Digiri imeneyi siturukira pa khomo limodzi lodziwika monga unamwino kapena uphunzitsi. Ena amalowa m'maofesi a boma ndi m'makhonsolo, ena ku Nyumba ya Malamulo, ku bungwe loyendetsa masankho, ku manyuzipepala kapena ku mabungwe oima paokha, koma alipo ambiri amene amayenda ndi maenvulopu zaka zingapo. Amene ndaona akupeza pogwira msanga ndi aja anaphatikizapo phunziro lina, monga la zacuma, ndiponso odziwa kulemba lipoti lomveka ndi kuwerengera manambala. Ndinawauzanso kuti asanagwire ng'ombe, mwana ayambe wapempha ngongole ya boma ya ophunzira, pokumbukira kuti ngongoleyo si mphatso, idzabwezedwa.

Potsiriza ndinati akafika kumudzi amkhazike pansi mwanayo namfunse kusiyana kwa nchito ya phungu ndi ya khansala. Akayankha mpaka nsima kuzirala, amlole apite. Koma akayamba ndi za galimoto imene aphungu amakwera, ng'ombe zikhale m'khola.

Sabata yatha alamu anatuma foni. Akuti mwana anafotokoza kufikira nyali inatha mafuta, ndipo pomaliza anawafunsa iwo cifukwa cake sanapiteko ku msonkhano wa wadi pamene anali kukambirana za mlatho wa pa mtsinje wao. Ng'ombe imodzi yagulitsidwa kale. Inayo akuti ayamba aona mayeso a caka coyamba.