Nambala ya pa katoni siifika kuchipinda chogona

Pa katoni ya rauta ya TP-Link Deco M4 palembedwa AC1200, ndipo wogula amanyamuka m'sitolo akuganiza kuti intaneti kunyumba iziuluka pa 1,200 Mbps. Palibe foni imene idzalione liwiro limenelo. Nambalayi ndi samu yophatikiza: 300 Mbps za pa 2.4 GHz ndi 867 za pa 5 GHz, n'kuwonjezerapo pang'ono kuti imveke bwino. Koma foni imalumikizidwa mbali imodzi yokha pa nthawi.

Ngakhale 867 yomweyo siifika yonse. Pa Wi-Fi zipangizo zimalankhula mosinthana, china chikamatumiza zinzake zimadikira, ndiponso cholandira chimayenera kuyankha kuti uthenga wafika. Munthu woima pafupi ndi rauta akapeza 500 Mbps, ameneyo asadandaule.

Nkhani imakula pa mesh, timabokosi tiwiri kapena titatu toikidwa m'zipinda zosiyana kuti tizipatsirana uthenga. Kabokosi ka kuchipinda chogona kakakhala kopanda waya, kamagwira ntchito ziwiri ndi wailesi imodzi: kumvera foni, kenako kubwereza zomwezo kwa kanzake ka pabalaza. Zili ngati womasulira mu tchalitchi, ulaliki wa theka la ola umatha ola lathunthu. Liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, ndipo pa kabokosi kachitatu kodalira kachiwiri limatsikanso. Khoma la njerwa kapena la konkire limadyaponso gawo lake, makamaka pa 5 GHz. Chopusitsa n'chakuti timizere ta Wi-Fi pa foni timakhala todzaza, pamene timangosonyeza kuti kabokosi kali pafupi, osati kuti kakulandira bwino kuchokera kwa kanzake.

Waya alibe zimenezi. Doko la gigabit limapereka pafupifupi 940 Mbps, usana ndi usiku, ndipo waya wa Cat5e amasunga liwiro limeneli mpaka mamita 100. Akadutsa kudenga n'kulumikiza timabokosi tija, wailesi yonse imatsalira mafoni. Pamafunika kusamala: gigabit imagwiritsa ntchito timawaya tonse 8 ta mkati, ndipo kamodzi kokha kakaduka kapena kukhomedwa molakwika pamutu, liwiro likhoza kugwera pa 100 Mbps mwakachetechete. Nayenso Deco E4, mng'ono wake wa M4, wavala dzina lomwelo la AC1200 chonsecho madoko ake amathera pa 100 Mbps. Izi zimalembedwa ndithu, koma m'zilembo zimene wogula sawerenga.

Zonsezi ndi liwiro la m'nyumba. Wolipira 50 Mbps ku kampani ya intaneti adzaona 50 poyesa liwiro pa Speedtest ngakhale atagula timabokosi todula chotani. Si zochepa ayi: Netflix imati 15 Mbps ndi zokwanira kuonera kanema wa 4K. Ndipo amene akukopera fayilo n'kuona 6 MB pa sekondi asathamangire kuimbira kampani, chifukwa MB imodzi ndi ma megabit 8, ndiye kuti 50 yake ija akuilandira pafupifupi yonse.