Wodziwa Kumanga Kompyuta Ndiye Adziwanso Kuikonza

Kuyambira m'caka ca 2014, pamene Boma linayamba kutsata ndondomeko yatsopano ya maphunziro, ana a m'masukulu a sekondale muno m'Zambia akhala akuphunzira za makompyuta. Koma kompyuta ikaleka kugwira nchito pa sukulu ya kumudzi, kawiri-kawiri imangofunditsidwa nsalu, popeza woikonza ali kutali ku Chipata kapena ku Lusaka.

Ndico cifukwa cake anyamata ndi atsikana amene acita maphunziro a makompyuta m'makoleji a nchito zamanja, oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, ayenera kuikapo mtima pa phunziro la kumanga makinawa ndi manja awo.

Kompyuta si cinthu camatsenga ai. Monga njinga, ili ndi ziwalo zolumikizidwa pamodzi. Mwambo umenewu unakhazikika kucokera mu 1981, pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake yomangidwa ndi ziwalo zogula ku makampani ena.

Wophunzira amayamba ndi bolodi lalikulu lochedwa motherboard, limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo. Pamenepo amakhazika purosesa, imene imacita masamu onse a makinawo, naipaka mafuta apadera pang'ono, n'kuikapo fani yoiziziritsa. Kenaka amalowetsa RAM, yogwira nkhani pa nthawi ya nchito yokha, ndi disiki imene imasunga nkhani ngakhale magetsi atazima. Pomaliza amalumikiza kabokosi kocepetsa mphamvu ya magetsi kucoka pa mavoti 230 a m'nyumba kufika pa 12, 5 ndi 3.3.

Nchitoyi ifuna kudekha, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ciwalo ciri conse cili ndi malo ake, ndipo cokana kulowa sicikakamizidwa. Asanagwire kanthu, wophunzira amazula nthambo ku cipupa ndi kukhudza citsulo ca bokosi, kuti acotse timagetsi ta m'thupi, tija timathetheka munthu akamavula juzi usiku. Timeneti tingathe kuononga ciwalo ca mtengo wapatali.

Amene anamangapo kompyuta amadziwa kuti makina okana kuyaka sanafe onse. Mwina fumbi latseka fani, mwina RAM yasunthika, mwina kabokosi ka magetsi kapsa. Kusintha ciwalo cimodzi n'kochipa kuposa kugula makina atsopano.

Motero makolo asaone maphunzirowa ngati a ana a m'tauni okha. Mwana wa pamudzi akabwera nalo luso limeneli, sukulu ndi cipatala ca kwao zidzapeza mmisiri pafupi, ndipo iyenso adzapezapo ndalama zothandizira banja lake.